Abebe Bikila

Abebe Bikila (7 Ogasiti 1932 – 25 Okutobala 1973) anali katswiri wothamanga mitunda italiitali wa ku Ethiopia. Ndi iye amene anapatsa dzikolo mendulo yake yoyamba pa masewera a Olimpiki, ndipo anali munthu woyamba kupambana kawiri mpikisano wa marathon, wa makilomita 42.195, pa masewerawa.

Anabadwira m'mudzi wa Jato m'chigawo cha Shewa, ndipo bambo ake anali oweta ziweto. Atakula anapita ku Addis Ababa komwe analowa m'gulu la asilikali olondera Mfumu Haile Selassie. Kumeneko ndi komwe mphunzitsi wa zamasewera wochokera ku Sweden, Onni Niskanen, anaona luso lake nayamba kumuphunzitsa.

Ku Rome mu 1960

Dziko la Ethiopia linayamba kupikisana nawo pa Olimpiki mu 1956 ku Melbourne, koma linabwerako chimanjamanja. Choncho pamene Abebe amafika ku Rome mu 1960, panalibe amene ankamuwerengera. Nsapato zatsopano zomwe anayesa kumeneko zinamutulutsa matuza, ndiye anasankha kuthamanga wosavala nsapato.

Mpikisanowo unachitika pa 10 Seputembala. Unayamba chakumadzulo pothawa kutentha, ndipo gawo lomaliza linathamangidwa kutada, asilikali a ku Italy ataima m'mbali mwa msewu wakale wa Via Appia atanyamula miyuni. Kwa nthawi yaitali Abebe anali phewa ndi phewa ndi Rhadi Ben Abdesselam wa ku Morocco. Anamusiya chakumapeto, pafupi ndi chipilala cha Axum, ndipo anamaliza pa Arch of Constantine mu maola 2, mphindi 15 ndi masekondi 16.2, nthawi imene inali isanakwaniritsidwepo ndi wina aliyense. Rhadi anafika patatha masekondi 25.

Malo amene anamusiyira mnzakeyo anali ndi tanthauzo kwa anthu a ku Ethiopia. Chipilalacho chinali chawo: asilikali a Mussolini, amene analowa m'dziko lawo mu 1935, anachitenga ku Axum mu 1937 n'kukachiimika ku Rome. Mendulo ya golide ya Abebe inali yokhayo imene Ethiopia inapeza chaka chimenecho, ndipo iye anakhala munthu wakuda woyamba woimira dziko la mu Africa kupata golide pa Olimpiki.

Tokyo ndi Mexico City

Patangotsala milungu pafupifupi isanu kuti athamange ku Tokyo mu 1964, anamuchita opaleshoni ya appendix, moti ambiri ankakayika ngati angapikisane n'komwe. Pa 21 Okutobala, ulendo uno atavala nsapato, anapambana mu maola 2, mphindi 12 ndi masekondi 11.2, kusiya Basil Heatley wa ku Britain ndi mphindi zoposa zinayi. Atamaliza sanagwe pansi monga ena, koma anayamba kuwongola thupi pa kapinga anthu akuonerera. Apanso mendulo yake inali yokhayo ya Ethiopia.

Ku Mexico City mu 1968 anasiyira panjira atathamanga makilomita pafupifupi 17 chifukwa cha kuvulala mwendo. Golide sanatuluke m'manja mwa Ethiopia, popeza mnzake Mamo Wolde ndiye anapambana.

Ngozi ndi imfa

Mu Malichi 1969 galimoto yake ya Volkswagen inagubuduka iye akuyendetsa, ndipo anafa ziwalo. Analandira chithandizo kwa miyezi isanu ndi itatu pa chipatala cha Stoke Mandeville ku England. Manja anayambanso kugwira ntchito, koma sanayendenso. Mu 1970 anapikisana nawo pa masewera a anthu aulumali a ku Stoke Mandeville, poponya mivi ali pa njinga yake, ndipo mu 1972 anaitanidwa ku Olimpiki ya ku Munich ngati mlendo wolemekezeka.

Anamwalira ku Addis Ababa ali ndi zaka 41, magazi atakhetsekera mu ubongo, vuto lochokera ku ngozi ija. Anasiya mkazi ndi ana anayi. Mfumu Haile Selassie inali nawo pa maliro ake, ndipo bwalo lina la zamasewera mu mzindawu limatchedwa ndi dzina lake.