ADAM SMITH NDI MBONI YOKHALA MUMTIMA

Dzina la Adam Smith limamveka kawirikawiri pamene anthu ophunzira akukangana za malonda, misonkho ndi chuma cha maiko, chifukwa cha buku lake lalikulu la m'chaka cha 1776 lotchedwa The Wealth of Nations. Koma ntchito imene iye anagwira zaka 12 pa Yunivesite ya Glasgow inali yophunzitsa za makhalidwe a anthu, ndipo funso limene linamsautsa kufikira chaka cha imfa yake linali lakuti: nchiyani chimene chimamgwira dzanja munthu wamba kuti asachite choipa, pamene palibe mfumu, msilikali kapena mnansi wakumuona?

Smith anabadwira ku Kirkcaldy, mudzi wa padoko m'dziko la Scotland, m'chaka cha 1723. Atate wake, amene anali mkulu woyang'anira msonkho wa katundu wa padokopo, anamwalira mwanayo asanabadwe, chotero analeredwa ndi amake, Margaret Douglas. Iye sanakwatire konse, ndipo amakewo ndiwo anali mwini nyumba yake kufikira anatsikira kuli chete mu 1784. Ali ndi zaka 14 analowa Yunivesite ya Glasgow, nakhala pamapazi a Francis Hutcheson, mphunzitsi amene ankati munthu amabadwa ndi mphamvu yozindikira chabwino ndi choipa, monga momwe abadwira ndi maso ndi makutu. Kuchokera mu 1740 kufikira 1746 anali ku Oxford, kumene anapeza aphunzitsi aulesi, nadziphunzitsa yekha m'nyumba ya mabuku. Mu 1751 anaitanidwa ku Glasgow kukhala mphunzitsi, ndipo chaka chotsatira anapatsidwa mpando wa maphunziro a makhalidwe, womwe uja anakhalapo Hutcheson.

Zimene ankaphunzitsa anyamata m'mamawa anazisonkhanitsa m'buku lotchedwa The Theory of Moral Sentiments, limene linatuluka mu 1759. M'menemo anasiyana ndi mphunzitsi wake. Kwa Smith chikumbumtima sichibadwa chokhwima. Chimakula pang'onopang'ono pakati pa anthu, ndipo muzu wake ndi kanthu kakang'ono kamene aliyense amachita osadziwa. Munthu akaona ndodo ilinkutsikira pa mwendo wa mnzake, amabweza mwendo wake wa iye mwini. Khamu loonerera munthu wovina pachingwe limapotoza matupi monga ngati ndilo lili pachingwepo. Palibe angathe kumva ululu wa mnzake weniweniwo, koma aliyense amadziika m'malo mwa mnzakeyo m'maganizo, namva kachigawo kake.

Tsono nkhani siithera pamenepo, pakuti wovutikayo nayenso amayang'ana nkhope za omuona. Podziwa kuti iwo sangamve chisoni chofika pa chake, amatsitsa kulira kwake kufikira pamene anzakewo angathe kulira naye. Smith anaona kuti mwana amayamba kuphunzira zimenezi tsiku limene apita kukasewera ndi ana anzake, amene alibe chifundo chonga cha amake. Munthu wokulira yekha kuchipululu sakanadziwa ngati mtima wake uli wokongola kapena wonyansa, monganso sakanadziwa maonekedwe a nkhope yake, popeza alibe kalirole. Kalirole wa makhalidwe ndiwo anthu ena.

Pakupita kwa zaka munthu amapeza kuti omuonawo nawonso amalakwa: wina amkonda mopitirira, wina amuda chabe, wina sadziwa mutu wa nkhani. Pamenepo amadzipangira mumtima mwake mboni ina, yodziwa zonse zimene zachitika, yosakhala mbale wake kapena mdani wake. Mboni imeneyi ndiyo imamchititsa manyazi poyamikidwa pa chinthu chimene sanachite, ndiponso ndiyo imamlimbitsa pamene mudzi wonse ulikumnamizira. Smith anapereka fanizo loti munthu wa ku Ulaya atamva kuti chivomezi chameza anthu onse a ku China, akhoza kudandaula madzulo, nagona tulo tabwino. Koma atadziwa kuti mawa adzadulidwa kachala kakang'ono, sangagone usiku wonse. Komabe munthu yemweyo sangalole kuti anthu onsewo afe pofuna kupulumutsa kachala kake. Chimene chimamletsa si chikondi, pakuti chikondi chake chaoneka kale kuti nchochepa, koma mboni ija, imene imamkumbutsa kuti iye ali mmodzi chabe mwa unyinji, wosaposa wina aliyense.

Chiphunzitso chotere chili ndi pofooka pake, ndipo Smith sanapabise. Ngati kalirole ndiye anthu, nanga anthuwo akapotoka onse pamodzi? Iye anakumbutsa kuti Agiriki akale, ndi nzeru zao zonse, ankataya makanda, ndipo ngakhale Plato ndi Aristotle sanatsutse mwambowo. Pa za ukapolo, umene unali kulemeretsa amalonda ambiri a dziko lake, analemba poyera kuti akapolo otengedwa kugombe la Africa anali ndi mtima waukulu woposa wa ambuye ao. Yankho lake linali lakuti mboni ya mumtima iyenera kuphunzira kuona patali kuposa mudzi umene inabadwiramo. Ngati yankho limeneli likwanira, anzeru akali kukangana.

Moyo wake wa iye mwini unalibe nkhondo kapena ndende. Mayeso ake anadza pa zinthu zazing'ono, makamaka pa ndalama. Kumayambiriro a 1764 anasiya ntchito ya ku Glasgow chaka cha sukulu chili pakati, kuti aperekeze mnyamata wolemera, Duke wa ku Buccleuch, pa ulendo wa maphunziro ku France. Masiku amenewo ophunzira ankalipira mphunzitsi m'manja. Atatha phunziro lake lotsiriza, Smith anatulutsa ndalama za aliyense, zokulunga m'mapepala, nayamba kuitana maina. Woyamba anakana, nati zimene waphunzira zaposa kale mtengowo, ndipo anzake onse anavomereza ndi mfuu. Smith anamgwira mnyamatayo malaya, namlowetsera ndalamazo m'thumba, namkankha. Otsalawo anaona kuti kukana sikuthandiza, nalandira. Palibe lamulo limene linamkakamiza, ndipo eni ndalama anali atamkhululukira. Amene sanamkhululukire ndi mboni yake ija.

Ulendowo unatha mu 1766, ndipo anapatsidwa mapaundi 300 pachaka kwa moyo wake wonse. Mu 1778, atalandira udindo wa Komishonala wa msonkho wa katundu ku Edinburgh, wa mapaundi 600 pachaka, anafuna kubweza mphotho ya Duke uja poona kuti sakuisowanso, koma Duke anakana. Udindowo unali ndi choseketsa chake. Munthu amene analemba buku lonse lotsutsa malamulo otsekereza malonda, tsopano anakhala mlonda wa malamulo omwewo. Atawerenga mndandanda wa katundu woletsedwa, anayang'ana zovala zake, napeza kuti pafupifupi mipango yake yonse ndi nsalu zake za m'khosi zinali zoletsedwa kuvala m'dziko la Britain. Anazitentha, pofuna kuonetsa chitsanzo, ndipo pambuyo pake anachenjeza William Eden mwanthabwala m'kalata kuti asayese kufufuza zovala za m'nyumba mwake. Malamulowo anawayesabe opusa, koma sanaone kuti nkoyenera kulanga ena pa chinthu chimene iye anali nacho m'khosi.

Pali malo amodzi pamene mbiri yake siyera kwenikweni. Bwenzi lake lapamtima linali David Hume, munthu wanzeru amene ambiri ankamuda chifukwa cha kukayika kwake pa za chipembedzo. Mu 1776, ali pafupi kufa, Hume anapempha Smith kuti adzasindikize buku lake lotchedwa Dialogues Concerning Natural Religion. Smith anazengereza, ndipo potsiriza anakana, poopa phokoso limene bukulo likanautsa. Linatuluka mu 1779 ndi dzanja la mwana wa mbale wake wa Hume. Apa zioneka kuti maso a anthu akunja anamuopsa kuposa mboni ya m'kati. Komabe miyezi yowerengeka Hume atamwalira, Smith analemba kalata kwa wosindikiza mabuku William Strahan, yosimba za kufatsa ndi kulimba mtima kwa bwenzi lakelo pa imfa, ndi kumtama monga munthu wangwiro. Kalatayo itafalitsidwa mu 1777 inamtengera matonzo oposa amene analandira chifukwa cha buku lake la chuma. Phokoso limene analithawa pakhomo linampeza pazenera.

Mu ukalamba wake, mphamvu zimene zinamtsalira sanaziike pa buku la chuma, koma anabwerera ku buku lake loyamba. Kusindikiza kwake kwachisanu ndi chimodzi kunatuluka mu 1790, ndipo anaonjezamo mutu watsopano wonena kuti chizolowezi cholambira olemera ndi akulu, ndi kunyoza osauka, ndicho chimaononga kuweruza kwa mtima koposa zonse, pakuti anthu amapereka kwa chuma ulemu umene uyenera nzeru ndi chilungamo.

Masiku owerengeka asanamwalire anaumiriza abwenzi ake awiri, Joseph Black ndi James Hutton, kuti atenthe mabuku ake 16 olembedwa pamanja amene sanawatsirize, posafuna kuti anthu awerenge ntchito yosapsa. Anamwalira pa 17 July 1790 m'nyumba yake ya Panmure House, naikidwa m'manda a Canongate ku Edinburgh. Chuma chimene anasiya chinali chochepa poyerekeza ndi malipiro ake a zaka 12 zotsirizazo, ndipo abwenzi ake anadabwa. Dugald Stewart, amene analemba mbiri yake, anamva kwa mmodzi wa abale ake kuti Smith ankapereka ndalama zambiri kwa anthu osowa mwamseri, nabisa zimenezi ngakhale kwa anzake odya naye pagome tsiku la Sabata.