Paul Ngozi, mwana wa ku Chibolya amene ankalusitsa gitala

Anzathu a m'makalabu omvera wayilesi, tsamba lathu la mbiri ya oyimba mu kope lino latitengera kwa anansi athu a ku Zambia. Munthu wake ndi Paul Ngozi, katswiri wa gitala wa mu mzinda wa Lusaka, amene anatisiya m'chaka cha 1989 ali ndi zaka 40 zokha. Ambiri a inu amene muli m'makalabu lero munali musanabadwe. Tamusankha dala poti nyimbo zake zambiri ndi za m'Chinyanja, ndipo munthu wa kuno ku Kalomwe akhoza kuzimva bwinobwino popanda womasulira, ngakhale kuti mayimbidwe ake ndi a rock, aja achikulire ena amangoti ndi phokoso la azungu.

Dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa m'chaka cha 1949, dziko lawo likutchedwabe Northern Rhodesia, ndipo anakulira ku Chibolya, komboni ina ya mu Lusaka. Amene munafikako ku Lusaka mukudziwa kuti dzina la Chibolya silitchulidwa ndi ulemu. Ndi malo a anthu osauka, otchuka ndi chamba komanso umbava. Nyirongo ndi mfunda womwe timaumva kwambiri pakati pa Atumbuka a ku Lundazi ndi kumpoto kwa Malawi, koma chilankhulo cha m'makomboni a Lusaka ndi Chinyanja, ndiye mwana wokulira kumeneko amatukwana, kufunsira ndi kulira maliro m'Chinyanja basi.

Dziko la Zambia linalandira ufulu pa 24 Okutobala 1964, Paul ali ndi zaka 15. Nthawi imeneyo mkuwa unali pa mtengo wabwino, ndipo m'matauni a ku migodi monga Kitwe, Ndola ndi Chingola munali ndalama. Anyamata ankamvera zimbale za The Beatles, The Rolling Stones, James Brown ndi Jimi Hendrix, kenako za Deep Purple ndi Black Sabbath. Poyamba ankangotengera nyimbozo momwe ziliri, kuyimba m'mahotela ndi m'maholo. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kupeka zawo, n'kumathiramo kagundidwe ka ng'oma za kwawo. Mayimbidwe amenewa ndiwo anadzatchedwa Zamrock. Magulu ake otchuka anali WITCH, Amanaz, The Peace, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family.

Paul anayambira m'timagulu ta mu Lusaka, kenako anakalowa gulu la Musi-O-Tunya, lomwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 linkayimbira ku Nairobi m'dziko la Kenya. Gululi ndi lija linayambitsidwa ndi Rikki Ililonga ndi anzake, ndipo dzina lake analitenga ku mathithi a pa Zambezi omwe azungu anawatcha Victoria Falls. Sanakhalitsemo. Atabwerera kwawo anayambitsa gulu lakelake, Ngozi Family, momwe Chrissy Zebby Tembo ankayimba ng'oma, Tommy Mwale besi, iye mwini gitala ndi mawu.

Za dzina loti Ngozi sitikufunika kukumasulirani. Linamukhala kamba ka zomwe ankachita pa siteji, monga kuyimba gitala ndi mano ngati Hendrix. Choseketsa n'choti ku Nairobi komwe anachokerako, m'Chiswahili, mawu oti ngozi amatanthauza khungu kapena chikopa. Kwa anthu a ku Lusaka linkatanthauza zomwe inu ndi ine timadziwa.

Mwayi wake unabwera ndi ndale. Chapakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda, yemwe nayenso ankayimba gitala, analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wayilesi ya boma zikhale za m'dziko momwemo. Inu a m'makalabu ganizirani bwino pamenepa, poti nkhani yake ndi yomwe timakangana kawirikawiri pa misonkhano yathu. Wayilesi ikafuna nyimbo za kwawo, pamafunika wozijambula. Edward Khuzwayo, mwini kampani ya Zambia Music Parlour ku Ndola, anayamba kusaka magulu oyimba, ndipo fakitale ya Teal mu Ndola momwemo inkadinda zimbale. Magulu ena ankajambula ku Lusaka, ena ankakwera ulendo wa ku Nairobi komwe kunali masitudiyo abwinoko. A Kaunda mwina ankayembekeza nyimbo za chikhalidwe, za ng'oma ndi kalimba. Zina zomwe zinatuluka zinali za anyamata ovala mabuluku otambalala kumiyendo ndi nsapato zazitali zidendene, magitala akukuwa.

Chimbale choyamba cha Ngozi Family, Day of Judgement, chinatuluka m'chaka cha 1976. Apa ndi pofunika kuima pang'ono. Chaka chomwecho ku New York gulu la Ramones linatulutsa chimbale chake choyamba, ndipo m'chaka chotsatira, 1977, ku London kunatuluka chimbale cha Sex Pistols. Amenewa ndiwo mayimbidwe otchedwa punk: nyimbo zazifupi, zaukali, zosakometsera, zoyimbidwa ndi achinyamata otopa ndi ulova. Munthu akamvera Day of Judgement lero amamva mzimu womwewo. Gitala ya Paul inkadutsa m'kabokosi koponda ndi phazi kotchedwa fuzz, komwe kamaphwanya liwu la nsambo kuti lizimveka losasa, ngati lata likung'ambika. Ng'oma za Chrissy n'zouma, zosazungulira. Nyimbo yonse imatha kuyenda pa kachidutswa kamodzi ka gitala kobwerezedwabwerezedwa mpaka kakulowa m'mutu. Kujambula kwake n'kosasalala, zolakwika zina zinasiyidwa momwemo. Komatu musaganize kuti Paul ankatengera anyamata a ku London. Zaka zake zikukana. Iye anatunga kwa Hendrix ndi Black Sabbath, iwonso anatunga kwawo, ndipo umphawi wa m'tauni unawafikitsa pamalo ofanana, wina ku Chibolya, ena ku London.

Mu chimbalechi muli nyimbo za m'Chingerezi ndi za m'Chinyanja. Kwa ine, kunena mosapsatira, za m'Chingerezi zili ndi moto pa gitala koma mawu ake ndi opepuka, nkhani za chibwenzi zomwe aliyense akanayimba. Munthu weniweni amaonekera akatembenukira ku Chinyanja. Mvetserani nyimbo yotchedwa Kumanda kwa Bambo Wanga. Mutu wokhawo ukukuuzani komwe mtima wake unali. Mulinso ina yotchedwa Tikondane.

Posakhalitsa anatulutsa The Ghetto, chimbale chomwe ambiri amachiyesa chozama kuposa zonse. Ghetto ndiye komboni, ndipo nkhani zake ndi za kumeneko: umphawi, ana osasamalidwa, kutaya mtima. Muli nyimbo yokamba za kudzipha, nkhani yomwe ngakhale lero timaikamba monong'ona. Mulinso Bamayo, Ulesi Tileke ndi ina ya Yesu Khristu. Taonani kusakaniza kwake. Gitala ndi ya mnyamata wosamva, koma mawu ndi a nkhoswe kapena mkulu wa mpingo. Ichi ndicho chimamusiyanitsa ndi a punk a ku Ulaya. Iwo ankanyoza makolo, mfumukazi ndi tchalitchi. Paul ankalangiza. Ankadzudzula ulesi ndi miseche, n'kumachenjeza anzake za moyo wa m'tauni, monga momwe nyimbo za pamtondo kapena za ku chinamwali zimachitira kwathu kuno. Anangosintha chida.

M'chaka cha 1977 kunabwera 45,000 Volts, dzina lonena za mphamvu ya magetsi, pansi pa kampani ya Chris Editions. M'menemo ndimo muli Nizakupanga Ngozi, nyimbo yochenjeza munthu wobwera pakhomo pa mnzake ndi mijedo m'malo mwa ulemu. Chinyanja chake ndi cha mu Lusaka, chodula mawu, chija chimati ni pomwe ife timati ndi. Gulu lomweli linathandizanso Chrissy Zebby Tembo pa chimbale chake cha My Ancestors, momwe woyimba ng'omayo ndiye anatsogolera mawu, Paul ali pa gitala.

Nyengo yokomayi inali yaifupi, ndipo zoigwetsa zinali zitayamba kale pomwe zimbalezi zinkatuluka. Mtengo wa mkuwa unagwa m'chaka cha 1975, pomwe wa mafuta unali utakwera. Malire ndi Rhodesia anali atatsekedwa m'chaka cha 1973. Popeza Zambia inkasunga omenyera ufulu a ku Zimbabwe, m'chaka cha 1978 ndege za boma la Ian Smith zinaphulitsa misasa pafupi ndi Lusaka, ndipo kunabwera malamulo oletsa kuyenda usiku ndi ozimitsa magetsi. Woyimba amadya za usiku. Anthu akaleka kutuluka, ndipo ndalama ya chimbale ikafanana ndi ya ufa, gulu loyimba limayamba kugulitsa zida.

Chinanso n'choti makutu a anthu anasintha, osati ku Zambia kokha. Ku Ulaya moto wa punk unazilala msanga. Pambuyo pake panabwera post-punk, nyimbo zozizira ndi zodandaula monga za gulu la Joy Division la ku Manchester, lomwe chimbale chake Unknown Pleasures chinatuluka m'chaka cha 1979. Panabweranso new wave, monga gulu la Talking Heads la ku New York, lomwe pa chimbale cha Remain in Light cha 1980 linatengera poyera kagundidwe ka Fela Kuti wa ku Nigeria. Onani kuzungulira kwa zinthu: Afirika akutenga gitala ya azungu, azungu akutenga ng'oma ya Afirika. Kenako, m'chaka cha 1981, magulu a Depeche Mode ndi The Human League anatulutsa zimbale zomwe gitala inalibemo malo enieni. Zonse zinali pa synthesizer, kiyibodi ya magetsi yotha kupanga maliwu osiyanasiyana, pamodzi ndi makina ogunda ng'oma okha. Ameneyo ndiye synth-pop.

Mphepo imeneyi inafika kuno kum'mwera kwa Afirika kudzera mu disiko komanso nyimbo za ku Joni zotchedwa bubblegum. Achikulire mukukumbukira Weekend Special ya Brenda Fassie ya 1983, ndi nyimbo za Yvonne Chaka Chaka ndi Chicco zomwe zinatsatira. Zonsezo ndi za kiyibodi. Mwini bala anaona kuti munthu mmodzi woseweretsa zimbale ndi wotchipa kusiyana ndi gulu la anthu anayi ofuna malipiro, chakudya ndi galimoto yonyamula zida. Gulu la WITCH linasankha kutsata mphepoyo. Linalowetsa makiyibodi ndi oyimba achizimayi, n'kutulutsa Movin' On m'chaka cha 1980 ndi Kuomboka m'chaka cha 1984, zimbale zovinira za disiko. Mbali inayi kalindula wa P.K. Chishala, Amayenge ndi Masasu Band anali kulanda mabala ndi wayilesi, rumba ya ku Zaire nayonso ili pomwepo. Kaseti inamalizitsa ntchito, poti aliyense wokhala ndi wayilesi ya makaseti awiri ankatha kukopera nyimbo woyimba osaonapo ngwee.

Paul sanasiye kuyimba. M'zaka za m'ma 1980 nyimbo zake zinayandikira kwambiri ku mayimbidwe a kwawo ndi nkhani za tsiku ndi tsiku za m'komboni, ndipo anthu ambiri a ku Zambia amamukumbukira ndi nyimbo za nyengo imeneyi kuposa rock yaukali ija. Ife kuno zaka zimenezo tinali ndi zathu. Nkhondo inabalalitsa midzi ya Angónia, anthu miyandamiyanda anaolokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo mtendere unadzasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, Paul atagona kale zaka zitatu. Wothawa nkhondo sanyamula galamafoni. N'chifukwa chake dzina lake silidziwika kwenikweni kuno, chikhalirecho chilankhulo n'chimodzi, ndipo chaka ndi chaka Achewa a maiko atatuwa timakumana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba.

Chomwe chinatsiriza Zamrock ndi Edzi. Matendawa anakolola oyimba a m'badwo umenewo ngati chimanga. Pa anyamata amene anatchukitsa gulu la WITCH m'masiku ake a rock, anatsala ndi Emmanuel Jagari Chanda yekha. Nthawi imeneyo kunalibe ma ARV, ndipo kutchula dzina la matendawa pa maliro kunali kosatheka. A Kaunda anachita zachilendo m'chaka cha 1987 pomwe anaulula poyera kuti mwana wawo Masuzgo, yemwe anamwalira m'chaka cha 1986, anafa ndi Edzi. Paul Ngozi anamwalira m'chaka cha 1989, ndipo olemba mbiri ya Zamrock amamuwerengera pamodzi ndi amene anatengedwa ndi mliri umenewu.

Kwa zaka pafupifupi 20 zimbale zake zinangosowa. Zina zinasweka, zina zinadyedwa ndi dzuwa m'makomboni. Amene anazifukula ndi osonkhanitsa zimbale zakale a ku Ulaya ndi ku America. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inadindanso Day of Judgement m'chaka cha 2014, ndipo m'chaka cha 2017 inatulutsa zimbale ziwiri zosonkhanitsa magulu osiyanasiyana zotchedwa Welcome to Zamrock. Jagari anadzutsanso WITCH ndi oyimba achinyamata, n'kutulutsa chimbale chatsopano, Zango, m'chaka cha 2023. N'zokondweretsa, komabe zimandiwawa pang'ono kuti zinatengera anthu a kutali chotero kuti atikumbutse za nyimbo zoyimbidwa m'chilankhulo chathu.

Mu Okutobala 2024, woyimba rap wa ku America, Tyler, the Creator, anatulutsa nyimbo yotchedwa Noid, yokamba za mantha a munthu wotchuka amene amaona ngati aliyense akumulonda. Gitala yomwe ikugunda m'nyimbomo ndi mawu a Chinyanja omwe akumveka pakati pake anazitenga mu Nizakupanga Ngozi, nyimbo ya 1977 ija. Chimbale chake, Chromakopia, chinakhala nambala wani pa mndandanda wa Billboard ku America. Achinyamata ena a m'makalabu athu mwina muli nayo nyimboyi m'mafoni mwanu, ndipo munadabwa kumva munthu akudzudzula miseche m'Chinyanja pakati pa Chingerezi cha ku California. Mawu amenewo ndi a Paul Dobson Nyirongo, ali ndi zaka 28. Ku Lusaka, m'dera la Kabwata, kuli msewu wotchedwa dzina lake.