Frank Silvera: Munthu Wakuda Amene Hollywood Inkamuveka Nkhope za Mitundu Ina

Pa filimu iliyonse pamakhala anthu awiri kapena atatu amene maina awo amalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu. Enawo, monga bambo wa mtsikana, mkulu wa zigawenga kapena dokotala woonekera mphindi zisanu, timangowaona n'kuiwala, chonsecho popanda iwo nkhani siyenda. Lero ndikuuzani za mmodzi mwa anthu amenewa, Frank Silvera, chifukwa mbiri yake ili ndi funso limene ine limandikhudza: ukalowa pakhomo pamene abale ako akubwezedwa, m'katimo umakachitamo chiyani?

Silvera anabadwa pa 24 July 1914 ku Kingston, m'dziko la Jamaica, ndipo banja lake linasamukira ku Boston, ku America, iye ali mwana. Atakula anayamba maphunziro a zamalamulo ku Northeastern University, koma mu 1934 anawasiyira panjira n'kulowa m'zisudzo. Pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anali m'gulu la asilikali a pamadzi, ndipo nkhondo itatha anabwerera pa siteji.

Kuti mumvetse zimene zinatsatira, kumbukirani America wa nthawi imeneyo. M'zigawo za kummwera tsankho linali lamulo, ndipo ku Hollywood munthu wakuda kawirikawiri ankapatsidwa gawo la wantchito wa m'nyumba, wonyamula katundu kapena woseketsa anthu basi. Silvera anali wakuda, koma woyererako khungu, moti opanga mafilimu ankatha kumusandutsa mtundu uliwonse. Mu Viva Zapata! ya 1952, momwe munali Marlon Brando, anasewera ngati General Huerta wa ku Mexico. Stanley Kubrick asanatchuke anamutenga m'mafilimu ake awiri oyambirira, Fear and Desire ya 1953 ndi Killer's Kiss ya 1955. Ku Broadway, m'sewero la A Hatful of Rain, anali bambo wa Ben Gazzara ndi Anthony Franciosa, onse awiri azungu. Mu Mutiny on the Bounty ya 1962 anasanduka munthu wa ku Tahiti. Mu 1963 dzina lake linali pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Tony, yomwe ndi yaikulu kwambiri pa zisudzo za ku Broadway.

Pa TV ndi pomwe nkhope yake inalowa m'nyumba za anthu wamba. Anaoneka mu Gunsmoke, Bonanza ndi The Twilight Zone, koma gawo limene ambiri anamudziwa nalo ndi la Don Sebastian Montoya mu The High Chaparral, sewero la NBC lomwe linayamba mu 1967. Mmenemo anali mpondamatiki wa ku Mexico, mwini ng'ombe zankhaninkhani, bambo wa Victoria ndi Manolito. Tangoganizani, munthu wakuda wobadwira ku Jamaica akuoneka pa TV ngati bwana wa ku Mexico, eti.

Wina akanangodya ndalamazo n'kukhala phee. Silvera sanatero. Mu 1964 iye ndi Vantile Whitfield anayambitsa gulu la Theatre of Being ku Los Angeles, kuti akuda ochita zisudzo azipatsidwa magawo a anthu enieni, okhala ndi chikondi, mkwiyo ndi zofooka zawo. Anasankha sewero la James Baldwin, The Amen Corner, lonena za mayi yemwe ndi m'busa wa katchalitchi ka ku Harlem. Ndalama zoyambira zinachokera m'matumba mwawo ndi kwa anzawo. Anthu analikonda, ndipo mu 1965 linafika ku Broadway, komwe Beah Richards, amene anasewera ngati m'busayo, nayenso analowa pa mndandanda wa mphoto ya Tony.

Imfa yake ndi yomvetsa chisoni chifukwa cha kuchepa kwa chimene chinamupha. Pa 11 June 1970, ali kunyumba kwake ku Pasadena, ankakonza makina ogaya zotsalira za chakudya omwe amakhala pansi pa sinki, ndipo magetsi anamugwira. Anali ndi zaka 55. Olemba The High Chaparral anachita kulemba kuti Don Sebastian wamwalira, n'kubweretsa Gilbert Roland ngati m'bale wake. Filimu ya Valdez Is Coming, momwe anasewera ndi Burt Lancaster, inatuluka mu 1971 iye ali kale kumanda.

Mu 1973 ku Harlem, Garland Lee Thompson, pamodzi ndi Billie Allen, Clayton Riley ndi Morgan Freeman, anakhazikitsa Frank Silvera Writers' Workshop kuti olemba masewero akuda azikhala ndi kowerengera ndi kuyeserera ntchito zawo. Inde, Morgan Freeman yemweyu amene mawu ake mumawadziwa, panthawiyo asanakhale dolo wa mafilimu.

Ena anganene kuti posewera ngati mzungu kapena munthu wa ku Mexico, Silvera ankabisala. Ine ndikuona kuti amene ankabisa anthu ndi Hollywood, yomwe inali ndi magawo ochepa aulemu oti ipatse munthu wakuda. Iye anatenga ntchito imene inalipo, n'kuigwira mwaluso, kenako dzina ndi ndalama zake anakamangira nazo siteji ya anzake amene khungu lawo silikanawalola kulowa pamene iye analowera.