Abusa R.J.B. Moore, Bwenzi la Anchito a ku Migodi

Ife a ku Kafue timaudziwa moyo wa m'tauni ya mafakitale. Anthu a mitundu yonse amabwera kudzafuna nchito, ndipo fakitale ikatseka, monga inacitira Kafue Textiles, mabanja amagona ndi njala. Ncifukwa cake tikumbukira mbusa amene anatumikira pakati pa anchito osauka kalelo ku Copperbelt, Abusa R.J.B. Moore, amene anzawo anali kuwachula kuti Mike.

Abusa Moore anatumidwa ndi London Missionary Society, nafika m'dziko muno mu 1933. Anakhazikika ku Mindolo, pafupi ndi mgodi wa Nkana. Kumeneko anapeza Akhristu atayamba kale mpingo wawo, Union Church, popanda mmishonale. Abemba, Anyanja, Atumbuka ndi ena anali kupemphera pamodzi m'makomboni, osafunsana za mpingo umene aliyense anacokera kumudzi. Iwo anagwirana manja ndi akulu a mpingowo, ndipo mu 1936 mamishoni angapo anagwirizana kupanga United Missions in the Copperbelt.

Masiku amenewo tsankho la khungu linali paliponse: pa malipiro, pa nyumba, ngakhale m'chalichi. Mu 1940 azungu a m'migodi ananyanyala nchito nawonjezeredwa malipiro. Anthu akuda atanyanyala nawonso, asilikali anawombera khamu la anthu ku Nkana pa 3 Epulo, ndipo anthu 17 anafa. Abusa Moore sanakhale cete. Anadzudzula poyera malipiro ocepa ndi tsankho, cifukwa anaona kuti mbusa sangalalikire za thupi limodzi la Khristu pa Sabata, nkutseka maso mkati mwa sabata. Kulankhula kwawo sikunakondweretse akuluakulu a migodi, ngakhalenso amishonale ena, ndipo mu 1941 anacoka ku Copperbelt. Anamwalira mu 1943, asanakwanitse zaka 35. Buku lawo, These African Copper Miners, linatuluka mu 1948.

Iwo sanaone zipatso, koma mbewu inamera. Mu 1945 Union Church inalumikizana ndi mipingo ya London Missionary Society ndi Church of Scotland. Mu 1958 mipingo ya azungu ya ku Copperbelt inalowa mu umodziwo. Pa 16 Januwale 1965, ku Mindolo komweko, kunabadwa United Church of Zambia, ndipo Amethodisti, eni mishoni ya kuno ku Kafue, analowamo.

Abale ndi alongo, lero makoma athu ndi ena: mtundu, cilankhulo, cipani, ndi kusiyana kwa wolembedwa nchito ndi wocotsedwa nchito. Tidzifunse: ndani amene amaopa kulowa m'chalichi cathu cifukwa ca cilankhulo kapena zovala zake? Nanga anchito akamalira za malipiro, mpingo umaima kuti? Tiwerenge Agalatiya 3:28 m'mabanja mwathu sabata ino, ndipo Ambuye atipatse kulimba mtima kumene anapatsa mtumiki wawo uyu.