Takashi Nagai, Dokotala Amene Anayenda Khomo ndi Khomo

Takashi Nagai anabadwa pa 3 February 1908 mumzinda wa Matsue m'dziko la Japan. Anaphunzira udokotala ku Nagasaki, koma pomaliza maphunziro mu 1932 anadwala mpaka khutu lakumanja linagontha. Poti sakanathanso kumvetsera bwino m'chifuwa cha wodwala, anasankha ntchito yojambula m'thupi ndi makina a X-ray.

Ali pasukulu ankagonera kwa banja la Moriyama m'dera la Urakami, zidzukulu za akhristu amene anasunga chikhulupiriro mobisa kwa zaka zoposa 200 popanda wansembe. Mu 1934 anabatizidwa natenga dzina la Paulo, ndipo chaka chomwecho anamanga banja ndi Midori, mwana wa pakhomopo.

Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mafilimu a X-ray anasowa. Poyeza anthu chifuwa chachikulu, Nagai ankangoima pamakina n'kumayang'ana ndi maso, ndipo cheza cha makinawo chinkamudya pang'onopang'ono. Mu June 1945 anapezeka ndi khansa ya m'magazi, nauzidwa kuti watsala ndi zaka zitatu.

Pa 9 August 1945, nthawi ili 11:02 m'mawa, bomba la atomiki linaphulika pamwamba pa Urakami. Mwa akhristu pafupifupi 12,000 a parishiyo, 8,500 anafa. Nagai anali kuntchito, ndipo magalasi osweka anamudula mtsempha wa pamutu. Anamanga bala napitiriza kutulutsa odwala m'chipatala chimene chinkapsa. Atafika kunyumba patapita masiku awiri, anapeza mafupa a Midori m'phulusa, kolona ili pambali.

Anthu ambiri ovulala anathawira m'chigwa cha Mitsuyama, kumpoto kwa mzindawo. Pa 12 August Nagai anawalondola kumeneko ndi kagulu ka anamwino ndi ophunzira amene anapulumuka, pamodzi ndi namwino wamkulu Hisamatsu. Analibe chipatala, mankhwala anali ochepa, nawonso anali ndi mabala komanso maliro awo. Tsiku lililonse ankayenda wapansi khomo ndi khomo: anamwino kutsuka zilonda zamoto, kuchotsa magalasi m'minofu ndi kuphunzitsa achibale kasamalidwe ka wodwala.

Patapita masabata angapo, anthu amene ankaoneka abwinobwino anayamba kuthothoka tsitsi, kutuluka magazi m'nkhama ndi kufa. Anali matenda a cheza cha bombalo, amene madokotala ambiri anali asanawaonepo. Kaguluko sikanathawe. Kanatumikira mpaka pa 8 October, kakulemba zizindikiro za wodwala aliyense, ngakhale pamene Nagai mwiniwake anagwa nawo matendawo mu September. Zolembazo zinasanduka limodzi la malipoti oyambirira onena za zimene cheza chotere chimachita m'thupi la munthu.

Kuyambira 1948 Nagai ankakhala chigonere m'kanyumba ka chipinda chimodzi kotchedwa Nyokodo, dzina lochokera pa lamulo la Ambuye lokonda mnansi. Ali pomwepo analemba mabuku, analipirira kubzala mitengo yamaluwa 1,000 ku Urakami, natsegulira ana laibulale. Anamwalira pa 1 May 1951 ali ndi zaka 43, nasiya ana awiri, Makoto ndi Kayano.

Njira yake sinafe naye. Itachitika ngozi pamalo opangira magetsi a nyukiliya ku Fukushima mu 2011, yunivesite ya Nagasaki inatumiza namwino wa zaumoyo kukakhala m'mudzi wa Kawauchi, kuyendera mabanja obwerera kwawo ndi kuwafotokozera za chitetezo cha chakudya ndi nthaka.

Anthu a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Chembe mpaka pa boma la Mangochi, ntchito yotere amaidziwa. Kolera atavuta mu 2022 ndi 2023, anamwino ndi alangizi a zaumoyo ndiwo ankafika pakhomo ndi klorini, nabweranso mawa lake kudzaona amene wadzuka. Iwowa ayenera kukumbukiridwa m'mapemphero a Misa ya lero.