Dante Alighieri, kazembe amene kwawo anamupirikitsa

Mukafika ku Johannesburg, ku Buenos Aires kapena ku Sydney n'kufunsa komwe munthu angaphunzire Chitaliyana, adzakulozerani ku bungwe la Società Dante Alighieri. Bungweli linakhazikitsidwa mu 1889 kuti lifalitse chiyankhulo ndi chikhalidwe cha Italy kunja kwa dzikolo. Koma mwini dzinalo, Akhristu anzanga, anafera kuchilendo, mzinda wake utagamula kuti akadzapondamonso atenthedwe wamoyo.

Dante anabadwa mu 1265 mumzinda wa Florence. Nthawi imeneyo Italy silinali dziko limodzi. Mizinda yambiri inkadzilamulira yokha, ndipo nkhondo sizinkatha. Iye anamenya nawo nkhondo ya ku Campaldino mu 1289, anakwatira Gemma Donati, ndipo mu 1300 anasankhidwa kukhala mmodzi mwa akuluakulu asanu ndi mmodzi oyendetsa mzindawo.

Mpando umenewu ndi umene unamudya. Chipani cholamula chinali chitagawikana pawiri: ena ankafuna kuti Papa Boniface VIII azilowerera pa ndale za mzindawo, ena, kuphatikizapo Dante, ankakana. Chakumapeto kwa 1301 anatumidwa ku Rome ngati kazembe kuti akakambirane ndi Papa. Ali komweko, adani ake analanda boma. Mu January 1302 anamunamizira katangale n'kumulamula kulipira chindapusa, ndipo atakana kukaonekera, mu March anamuweruza kuti aphedwe. Mu 1315 anamuuza kuti angabwerere ngati atavomera kulakwa pagulu. Anakana.

Zaka zotsala za moyo wake anakhala akudyera pakhomo pa eni ake, ku Verona kenako ku Ravenna. M'zaka zimenezi ndi mmene analemba ndakatulo yake yaikulu, Commedia, ya zigawo 100 ndi mizere yoposa 14,000. Ikufotokoza ulendo wake wodutsa ku Gahena, ku Puligatoriyo mpaka ku Paradizo, umene ukuyamba m'Sabata Yoyera ya chaka cha 1300, ndipo chigawo chomaliza chikuyamba ndi pemphero la Bernardo Woyera kwa Amayi Maria. Dante sankanyengerera munthu: ku Gahena kwake kuli mafumu, anthu a kwawo, ngakhalenso apapa ena. Ine ndimaona kuti pena mkwiyo unkamupitirira muyeso. Komabe Mpingo sunamutaye, moti Papa Benedict XV mu 1921 ndi Papa Francis mu 2021 analemba makalata omulemekeza.

Chachikulu pa nkhani yathu ndi chiyankhulo chimene anasankha. Masiku amenewo nkhani zakuya, makamaka za Mulungu, zinkalembedwa m'Chilatini, chimene ankachidziwa ndi ophunzira okha. Dante Chilatini ankachidziwa bwino, moti buku lake loikira kumbuyo chiyankhulo cha anthu wamba analilemba m'Chilatini momwemo kuti ophunzirawo amve. Koma Commedia anailemba m'chiyankhulo cha ku Florence, chija amayi ankalankhula ndi ana awo ndiponso pamsika. Mphunzitsi wina wa ku Bologna, Giovanni del Virgilio, anamudandaulira kuti akutaya luso lake kwa anthu osaphunzira. Dante sanasinthe. Ife amene timachita Misa m'Chichewa tisaiwale kuti agogo athu ankaimva m'Chilatini. Mkangano wake ndi womwewu.

Mu 1321 wolamulira Ravenna, Guido Novello da Polenta, anamutuma ku Venice ngati kazembe kuti akapewe nkhondo. Pobwerera anadutsa m'madambo, anadwala malungo, n'kumwalira usiku wa pa 13 September, ali ndi zaka 56.

Chiyankhulo cha m'ndakatulo yake, pamodzi ndi zolemba za Petrarca ndi Boccaccio, chinakhala maziko a Chitaliyana cha lero. Italy atagwirizana kukhala dziko limodzi mu 1861, anthu ambiri ankalankhulabe za kwawo zokha, ndipo miyandamiyanda anasamukira ku America kukafuna ntchito. Amene anayambitsa bungwe lija ankaopa kuti ana a osamukawa aiwala chiyankhulo, ndipo dzina limene likanagwirizanitsa onse linali la Dante. Lero nkhope yake ili pa ndalama ya ma euro awiri ya ku Italy, ndipo kuyambira mu 2001 unduna woona za kunja umakonza sabata ya Chitaliyana padziko lonse mwezi wa October chaka chilichonse.

Florence anadzafuna mafupa a mwana wake. Mu 1519 Papa Leo X analoleza kuti akatengedwe, koma nthumwi zitatsegula manda zinapeza mulibe kanthu: a chipani cha Fransisko Woyera a ku Ravenna anali atawabisa. Pambuyo pake anasowa, mpaka anapezeka m'bokosi lathabwa mkati mwa khoma mu 1865. Manda amene anamumangira ku Florence, m'tchalitchi cha Santa Croce, ngopanda mtembo mpaka pano. Mwezi wa September chaka chilichonse, a ku Florence amapita ku Ravenna kukapereka mafuta a nyale imene imayaka pamanda ake.