JOHN CURWEN, MBUSA AMENE ANAPATSA MASUKULU DOH, RAY, ME

Aphunzitsi ambiri a sukulu za kumidzi analembapo pa bolodi malemba aja d, r, m, f, s, l, t. Koma ndi owerengeka okha adziwa za munthu amene anawafalitsa, ndi cifukwa cimene anacitira nchitoyo.

John Curwen anabadwa pa 14 November 1816 ku Heckmondwike, m'dziko la Mangalande. Atate wace anali mbusa, ndipo iyenso atatsiriza maphunziro ku London analowa nchito yomweyo mu 1838 ku Basingstoke. Sanali katswiri wa nyimbo ai, ngakhale kuwerenga manoti a pa mizere isanu kunali kumsautsa. Komabe anakonda ana, nayamba kuwaphunzitsa kuimba mongoloweza, iye atsogole iwo atsate. Posacedwa anaona kuti njira yotere isiya mwana ali wosauka, pakuti mphunzitsi akacoka, mwanayo sakhoza kuphunzira nyimbo yatsopano pa yekha.

M'caka ca 1841 aphunzitsi a Sande Sukulu anasonkhana ku Hull, nampempha kuti afune njira yapafupi yophunzitsira kuimba. Nthawi yomweyo anawerenga buku la Sarah Glover wa ku Norwich, losindikizidwa mu 1835. Maiyu anali kuphunzitsa ana osauka ndi maina a mau, natembenuza si kukhala te kuti liu lililonse likhale ndi lemba lacelace loyamba. Caciculu m'njira yace cinali cakuti doh sakhazikika pamodzi. Nyimbo iyambire pamwamba kapena pansi, liu limene nyimboyo ipumulapo ndilo doh, ndipo mau ena onse adziwika ndi mtunda wao kucokera pa iye. Curwen anayesa njirayi pa iye mwini, naona kuti maso ace atseguka. Anaikonza naiwonjezera, naicha Tonic Sol-fa.

Maganizo ace pa kuimba anali awa. Kuimba si cuma ca akatswiri ocepa, koma ca anthu onse, m'nyumba, m'sukulu ndi mu mpingo. Mpingo umene ungokhala cete ndi kumvetsera oimba asanu wataya gawo lace. Cotero njira yabwino iyenera kukhala yapafupi, yoona, ndi yotsika mtengo. Malemba a Sol-fa akhoza kusindikizidwa ndi makina wamba, ndipo mwana akhoza kuwalemba pa sileti.

Pa kaphunzitsidwe analimbikira kuti cinthu ciyambe, cizindikiro cace citsate. Mwana ayambe wamva liu ndi kuliimba bwino, pamenepo auzidwe dzina lace, potsiriza aone lemba. Capafupi citsogole, cobvuta cidze pambuyo, ndipo cinthu cimodzi ciphunzitsidwe pa nthawi imodzi. Sanafune kuti mphunzitsi aziimbira pamodzi ndi ana, cifukwa potero sawamva, ndipo iwo angomtsamira. Aimbe mofatsa ana alikumvetsera, atero akhale cete namvetsere iwo.

Anaphunzitsanso kuti liu lililonse lili ndi mtima wace: doh ndi wolimba, me wodekha, soh wowala, lah wacisoni, te wolasa ndi wofuna kufika kwa doh. Ndico cifukwa sanayambe ndi kukweza ana makwerero onse motsatana, koma anayamba ndi doh, soh ndi me. Mu 1870 anawonjezera zizindikiro za manja, monga nkhonya pa doh, cikhato cogoneka pa me, ndi cala coloza kumwamba pa te, kuti mphunzitsi aimbitse ana alikupenyana nao.

Njirayi siinalandiridwe msanga. Boma linali kukondera njira ya John Hullah, m'mene doh sasuntha, ndipo oimba ena ophunzira anaiyesa ya anthu wamba. Curwen sanabwerere. Anatumikira mpingo wa ku Plaistow kuyambira 1844, nalemba mabuku ndi kulipira yekha zosindikiza zoyamba. Mu 1853 linayamba bungwe la Tonic Sol-fa Association, mu 1858 anaturutsa buku la Standard Course, ndipo mu 1863 anakhazika nyumba yace yosindikizira. Pambuyo pace anatula ubusa kuti adzipereke ku nchitoyi, ndipo mu 1879 nyumba ya Tonic Sol-fa College inatsegulidwa ku Forest Gate. Anamwalira pa 26 May 1880.

Amishoni anatengera njira yace ku maiko ambiri, ndi kuno ku Afrika komwe. Mphunzitsi Enoch Sontonga wa ku Johannesburg analemba Nkosi Sikelel' iAfrika m'malemba a Sol-fa mu 1897, ndipo nyimbo ya fuko la Zambia itsata maimbidwe omwewo. Ku Hungary, Zoltán Kodály anatenga zizindikiro za manja zija naziika m'njira yace.

Tsono anzathu aphunzitsi, nkotheka kudzaza bolodi ndi d, r, m ndi kubwerera ku kuloweza komwe Curwen anakuthawa. Ciyeso ndi ici: lembani mzere umodzi umene ana sanaumvepo, apatseni doh, nimukhale cete. Akauimba okha, mwawaphunzitsa kuimba. Akakudikirani, bwererani nao kwa doh, soh ndi me.